Tidawaseka oyeza msewu

Ndiloleni ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene kwa zaka zambiri akhala akunyoza ochita kafukufuku wa misewu. Ndikaona galimoto yoyera itaima m'mbali mwa msewu kwathu kuno ku Nkhulambe, anthu a zipewa zolimba ndi majekete owala atatsika ndi makope awo, mumtima ndinkangoti awo abwera kudzadya alawansi. Ife tikufuna mlatho, iwo akutibweretsera mapepala. Sindidali ndekha. Pabawo pamsika tinkanena zomwezo, ndipo wonyoza kwambiri ndiye ankaoneka wanzeru.

Chochititsa manyazi n'chakuti anthu amenewa ndidagwirako nawo ganyu. Nditangolemba mayeso a Fomu 4, kudabwera gulu lina loyeza msewu wathu wafumbi ndipo linkafuna anyamata awiri odziwa kulemba. Ntchito yanga yoyamba idali kukhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira 6 koloko mmawa mpaka 6 koloko madzulo, n'kumachonga papepala chilichonse chodutsa. Galimoto ili ndi mzere wake, thirakitala wake, ngolo wake, njinga yamoto wake, yakapalasa wake, ngakhale munthu wapansi wosenza thumba adali ndi mzere wake. Odutsa ankandikuwa kuti, "Amwene, sukulu yonse ija mwathera kuwerenga njinga?" Ine ndinkangoseka nawo, pakuti nanenso sindinkaona phindu lake kupatula ndalama ya madzulo. Chimene ndimakumbukabe n'chakuti mzere wa njinga unkadzaza mapepala angapo pamene wa galimoto sunkatha ngakhale theka la tsamba limodzi.

Ntchito yachiwiri idali ya thukuta. Adali ndi chitsulo chachitali chosongoka kunsonga, chokhala ndi chinyundo cha makilogalamu 8 chimene chimatsetsereka pachitsulo chomwecho. Iwo ankachitcha DCP. Umachiimika pamsewu, kukweza chinyundo mpaka pamalire ake, kuchitaya chigwe chokha, wina n'kumawerenga parula kuti nsonga yalowa mamilimita angati. Pamene nthaka ndi yolimba, manja ankachita matuza chitsulo chikukana kulowa. Koma titafika pa dothi lakuda la makande, lija limang'aluka m'chilimwe n'kumata ngati ulimbo m'dzinja, chidangomira ngati chalowa m'phala. Ana ankatizungulira n'kumafunsa ngati tikufuna golide.

Tsiku lachinayi tidafika pakamtsinje kamene kamatilekanitsa ndi msika ndi chipatala. Idali nyengo yadzuwa, madzi ake osafika ndi m'kakolo momwe. Amalume anga, amene munda wawo udali pafupi, adasiya khasu n'kubwera kudzaonerera. Ataona anyamata a gululo akuyeza kakhwawa kamadzi kokhako, adati, "Ana inu, mukuyeza mtsinje uli mtulo. Bwerani ndikuonetseni pamene umafika ukadzuka." Adatitengera pamtengo wa mkuyu umene udali patali ndithu ndi gombe, n'kuloza chipsera pathunthu pake, chapamwamba kuposa mutu wanga. Adati ndi pamene mwala udagunda chaka cha 1991, chaka chimene napolo wa m'phiri la Michesi adasesa anthu mazanamazana ku Phalombe pa 10 Malichi. Anyamata ena adasekera kumbali. Koma mkulu wa gululo, bambo wa imvi wosakonda kuyankhula, adatulutsa tepi, n'kundiuza kuti ndigwire kumapeto. Adayeza kutalika kwa chipseracho, adayeza mtunda wake kuchoka pamtsinje, adafunsa amalume kuti madziwo adakhala maola angati, adanyamula miyala yaikulu bwanji, zonse n'kulemba. Pomaliza adati, "Bambo, pano mapaipi sangathandize. Pakufunika mlatho wotakata, apo ayi konkire yogona pansi yoti madzi azidutsa pamwamba." Amalume adangoyankha kuti madzi saiwala khwawa, n'kubwerera kumunda.

Padapita zaka. Ntchito itabwera, adabwera ndi anthu ena, ndipo chimene adaika pamalopo ndi mapaipi awiri a konkire, makalavati, n'kukwirira dothi pamwamba. Kaya pepala la bambo wa imvi uja lidasochera, kaya ndalama idachepa panjira, ife tidangoona mapaipi. Amalume adawayang'ana n'kunena kuti awa ndi a mvula yowaza. Chaka chilichonse mvula ikalimba ankatsekeka ndi zinyalala ndi mchenga, ife n'kumakafukula ndi makasu. Apa m'pamene ndidatsimikiza mumtima kuti kafukufuku ndi bodza. Sindidaganizeko kuti kafukufukuyo adanena zoona, koma omanga ndiwo sadamumvere.

Za Malichi 2023 sindilemba zambiri, pakuti aliyense wa kuno ali ndi yake nkhani ndipo zina n'zolemera kuposa yanga. Namondwe wa Freddy atafika, mvula idagwa usana ndi usiku osapuma. Pa 13 phiri lidamasuka. Phokoso lake lidali ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Miyala ina yaikulu ngati nyumba idatsika pamodzi ndi mitengo ndi matope. Chipatala chathu chaching'ono cha Nkhulambe chidaonongeka. Njira yopita ku Chiringa idaduka, yopita ku Muloza idaduka, yodzera pampata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, nayo idatsekeka. Tidakhala ngati tili pachilumba, thandizo loyamba n'kumabwera pa helikopita. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa.

Patatha masiku ochepa, mlamu wanga, mng'ono wake wa mayi a kunyumba, matenda ake a uchembere adayamba usiku. Tidamanga machira a matumba ndi mitengo iwiri, amuna anayi, amayi atatu akutsatira ndi tochi za pafoni zimene moto wake udali pafupi kutha. Titafika pamene padali makalavati aja tidapeza chigwembe chozama kuposa munthu, chotakata moti mwala woponya ndi dzanja lamanzere sukadafika tsidya. Paipi imodzi tidaiona mmawa mwake ili kumunsi, itakhala pamwamba pa mchenga ngati mtondo wotayidwa. Tidatsika ndi machira m'chigwembemo, madzi a m'chiuno, miyala ikugubuduka pansi pa mapazi. Sitidafike patali. Amayi aja adatithamangitsa amunafe, n'kutchinga ndi zitenje m'mbali mwa njira. Mwana adabadwira pomwepo, ndipo mwa chisomo onse awiri ali moyo. Ena amene adayenda ulendo wonga womwewo sabata imeneyo sadabwerere ndi nkhani yabwino.

Maganizo anga adayamba kutembenuka ndi kanthu kakang'ono. Paofesi ya zaulimi kuno pali kachitini koyezera mvula. Ndakhala ndikukadutsa kuyambira ndili mwana osakalabadira. A nthambi yoona zanyengo atatulutsa ziwerengero za namondweyo, zidaonetsa kuti kuno ku Nkhulambe kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Imeneyo ndi mvula yoposa imene mzinda wa Lilongwe umalandira chaka chathunthu. Ndidakhala pansi n'kuganiza kuti pamene tonse tinkathawitsa moyo, nambala imeneyi idalembedwa ndipo sidatayike. Popanda iyo, wodzamanga mlatho wathu mawa akadangomva kuti kudagwa chimvula. Koma mawu akuti chimvula sauza munthu kuti mlatho ukhale wotalika mamita angati.

Ndidayamba kufunsafunsa kwa odziwa, makamaka mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za zomangamanga ku Blantyre, pasukulu ija tinkaitcha Polytechnic, lero MUBAS. Adandifotokozera kuti injiniya asanajambule mlatho amayenera kudziwa kukula kwa dera lonse limene madzi ake amathira mumtsinjewo, kutsetsereka kwa malowo, ngati kumtunda kuli mitengo kapena ndi dazi, ndi mbiri ya mvula ya zaka zambiri. Akaphatikiza zonsezi amapeza kuchuluka kwa madzi amene angadutse pamalopo pa sekondi imodzi tsiku loipa. Ndiye amasankha tsiku loipa lake. Kalavati wamng'ono amamuwerengera madzi osefukira amene amabwera mwina kamodzi pa zaka 10 kapena 20, mlatho waukulu kamodzi pa zaka 50 kapena 100. Ine ndidati basi ndiye tapuma, Freddy wina adzabwera zidzukulu zathu zitakalamba. Mnyamatayo adaseka. "Ayi amalume, madzi sasunga kalendala. Kamodzi pa zaka 50 kukutanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi mwa 50. Akhoza kubwera chaka chino, n'kubweranso chaka chamawa."

Apa m'pamene pagona nkhawa yanga. Ziwerengerozo zimachokera ku mvula ya m'mbuyo. Koma taonani zimene taona ife a kummwera m'zaka zisanu zokha: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, kenako Freddy mu 2023. Ngati mabuku amene mainjiniya akutsegula lero akadali ndi mvula ya nthawi ya agogo athu, pamene mapiri adali ndi mitengo yake yonse, ndiye kuti milatho yatsopano ikubadwa ili yochepa kale. Pafunika munthu wokhala pansi, kutenga nambala ya m'kachitini kathu kaja ndi ya m'tizitini tina tonse ta m'dziko muno, n'kuwerengeranso. Ntchito imeneyo siioneka, palibe amene angaidulire riboni, koma ndi imene idzanene ngati mdzukulu wanga adzaoloke kupita kusukulu mu Febuluwale.

Chinanso chimene ife a m'tsinde mwa phiri tikuchidziwa kuposa a m'tauni n'chakuti mitsinje yathu sinyamula madzi okha. Imanyamula miyala ndi mitengo. Paipi ikhoza kukwanira madzi onse bwinobwino papepala, koma chitsa chimodzi chikapingasa pakamwa pake, madzi amadzikundikira kumtunda, kenako amazungulira n'kudya dothi la m'mbali mpaka msewu kuduka. Milatho yambiri imene ndidaiona itagwa chaka chija sidathyoke pamwamba. Ina madzi adakumba pansi pa zipilala zake, ina idatsala chiimire pakati pa mtsinje, msewu wa mbali zonse ziwiri utapita. Sindikunena kuti pali mlatho umene ukadapirira mwala waukulu ngati nyumba. Pena phindu la kuyeza n'kungodziwa kuti pano tisamangepo chilichonse, njira ikhotere uko.

Ndipo ndayamba kuilemekeza konkire yogona pansi ija adanena bambo wa imvi, imene akatswiri amaitcha drift. Kwathu kuno sitiikonda. Timati ndi mlatho wa amphawi, ndipo wandale akabwera nayo timaona ngati watipeputsa. Zoona, mtsinje ukadzaza umadikira maola angapo kuti madzi aphwe, ndipo wosaleza mtima akhoza kukokoloka. Koma miyala ndi mitengo zimadutsa pamwamba, madzi akatsika mumangochotsa mchenga n'kuoloka. Usiku wa mlamu wanga uja madzi adali atatsika kale. Chimene chidatitsekereza ndi dzenje limene makalavati adasiya. Pamtsinje waukulu woyenda chaka chonse mlatho weniweni ndi wofunika, palibe kuchitira mwina. Koma posankha pakati pa ziwirizi pafunika tepi ndi kope, osati kukula kwa msonkhano wa chipani.

Za chitsulo chokhoma pansi chija ndidadzamvanso mochedwa. Kale malamulo omangira msewu wa phula ankatengera kwambiri maiko a kunja, kumene galimoto ndi zambiri ndipo nyengo ndi ina. Ankafuna miyala yophwanya ndi makina, yotuta kutali, moti mtengo wa kilomita imodzi unkakwera kwambiri. Msewu wa kumudzi wodutsa galimoto zochepa patsiku sukadayenerera phula mpaka kalekale. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a bungwe la TRL la ku Britain pamodzi ndi mainjiniya a kuno adafufuza misewu ya ku Botswana, Zimbabwe ndi Malawi. Adapeza kuti gelevulo wamba wopezeka pafupi, amene mabuku akale ankamukana, amagwira ntchito zaka zambiri pansi pa phula lopyapyala, bola madzi asalowe pansi ndipo ngalande zikhale zabwino. Mu 2013 unduna wa zamtengatenga udatulutsa buku lotsogolera kamangidwe ka misewu ya phula ya galimoto zochepa pogwiritsa ntchito DCP yemweyo. Nzeru yake ndi yakuti msewu wafumbi umene ngolo ndi malole zaupondaponda zaka zambiri ndi wolimba kale m'malo ambiri. Usaufukule wonse. Khoma chitsulo, dziwa pamene pali polimba ndi pamene pali pofewa, ndalama ipite pofewapo. Kunena kwina, matuza a m'manja mwanga aja adali kufufuza pamene boma lingapulumutse ndalama kuti phula lifike patali.

Amene sadakhaleko kudera la msewu wafumbi sangamvetse chifukwa chimene tikulirira phula, ngakhale lopyapyala. Gelevulo amathiridwa chaka chino, mvula ndi matayala n'kumuchotsa, pakapita zaka zochepa muli pa dothi lomwe lija. Ife timalima nandolo ndi mpendadzuwa. Wogula akabwera ndi lole yake amayamba wawerengera masipuling'i amene athyoke panjira, ndalama imeneyo n'kuichotsa pamtengo wa kilogalamu yathu. Anzathu a m'mbali mwa msewu wa phula wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale amagulitsa nandolo yemweyo kwa ogula angapo olimbirana. Ife timagulitsa kwa amene walimba mtima kufika. Feteleza, sopo ndi mchere zimabwera njira yomweyo, koma izo mtengo wake umakwera.

Nako kuwerenga njinga kuja sikudali kupusa. Phalombe ndi boma la njinga. Odwala amapita kuchipatala panjinga, matumba amapita kumsika panjinga, anyamata ambiri akudyetsa mabanja ndi kabaza. Wojambula msewu akangowerenga galimoto zokha amamanga kamsewu kopanda malo m'mbali, ndiye lole ikabwera wanjinga amathawira m'ngalande ndi katundu wake yense, apo ayi maliro. Mapepala anga odzaza ndi timizere aja ndiwo akadauza wojambulayo kuti eni msewu uno ndi ati.

Mwana wa achemwali uja adandiuzanso china chimene chidandidabwitsa. Ku America, pakati pa 1958 ndi 1960, adamanga misewu yoyeserera n'kumayendetsapo malole usana ndi usiku kuti aone mmene imathera. Adapeza kuti ukachulukitsa kawiri katundu wolemera pa ekiselo imodzi, kuonongeka kwa msewu sikuchuluka kawiri ayi, koma pafupifupi ka 16. Ndiye chifukwa chake pali masikelo a malole m'misewu ikuluikulu. Tikadzalandira phula lathu, mdani wake sadzakhala njinga zathu zikwizikwi, koma lole imodzi yodzaza mopitirira muyeso m'mwezi wa Januwale nthaka ili yonyowa.

Tsono ochita kafukufuku asaganize kuti ndawakhululukira zonse. Mbali ina ya kunyoza kwathu adaiputa okha. Amabwera, amayeza, amapita, osabweranso kudzatiuza chimene apeza. Malipoti awo ali m'Chingerezi chovuta, m'makabati a ku Lilongwe. Akadatisonkhanitsa pansi pa mtengo n'kunena m'chinenero chathu kuti pamtsinje uwu tapeza zakutizakuti ndipo pakufunika chakuti, tsiku limene mapaipi awiri aja adatsitsidwa palole tikadakhala ndi pogwira. Tikadafunsa kuti kodi si paja adati pano mapaipi ayi? M'malo mwake tidavina, kuthokoza chitukuko. Ambiri amakondanso kubwera m'chilimwe galimoto zawo zikamayenda bwino, pamene mavuto athu ali m'dzinja. Ndipo akafuna kufunsa anthu amangofikira kwa amfumu ndi ife amuna a pamsika, kusiya amayi amene amaoloka mitsinjeyi tsiku ndi tsiku ndi mwana kumsana, amene akudziwa mwala uliwonse woterera.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Pa lita iliyonse ya petulo imene mnyamata wa kabaza yamoto amathira pali ndalama ya misewu imene imapita ku Roads Fund Administration, ndipo ntchito zake zimayendetsedwa ndi Roads Authority ndi makhonsolo. Ndalamayo ndi yathu. Pamisonkhano ya VDC ndi ADC timangokuwa kuti tikufuna mlatho, tsiku lake liti. Ine tsopano ndimaimika dzanja n'kufunsa mafunso ena. Mwayeza? Mwawerengera madzi a chaka chiti, a 2023 alimo? Miyala idzadutsa pati? Akhansala athu adandiyang'ana tsiku lina ngati ndalodzedwa, koma adalemba.

Miyezi ingapo yapitayo galimoto yoyera idaimanso pamtsinje pathu. Adatsika anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, iye ndiye mkulu wawo. Anzanga pabawo adayamba nyimbo yathu yakale ija. Ine ndidasiya njombwa m'dzenje n'kupita. Amalume adatisiya chaka chathachi, ndipo mkuyu wawo Freddy adauzula, ngakhale chitsa palibe. Ndidawatengera anawo kuseri kwa nyumba ina ya njerwa zootcha imene idapulumuka, kumene mzere wa matope ukuonekabe pakhoma chifukwa mwini wake sadapakepo laimu. Mtsikanayo adayang'ana khomalo, adayang'ana kumene kuli mtsinje, n'kufunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Ndidaitana mayi wa panyumbapo kuti afotokoze okha ola limene madzi adafika ndi ola limene adatsika. Kenako adatulutsa tepi.

"Bambo, mungatigwirireko kumapetoku?"

Ndidagwira. Ndidamupempha kuti akamaliza kulemba lipoti lake adzabwere adzatiwerengere, ndipo adalemba nambala yanga ya foni pachikuto cha kope lake. Mpaka lero tikuolokabe pamiyala imene tidasanja tokha, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa Michesi.